Kachunidwe ka kabureta ya njinga yamoto kuti isamwe mafuta koma injini isapse

Mnyamata wina wa kabaza anafika pagalaja pathu akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Njingayo inali isanathe ndi chaka chomwe. Anati inangotsamwa pachitunda atakweza anthu awiri, kenako zii. Titamasula pulagi tinaipeza ili mbee ngati phulusa, ndipo titatsegula hedi tinapeza vavu ya ekizozi itapsa m'mphepete, pisitoni itadyeka pamwamba. Ndinamufunsa kuti, "Aphwanga, kabureta iyi anaigwira ndani?" Iye anayankha kuti, "Madala, mnzanga wina anangondifinyira pang'ono kuti izimwa mochepa." Kufinyako kunali kutsitsa singano ya m'kabureta, imene imalamulira petulo wodutsa, mpaka kumapeto, n'kuikamo jeti (kamkuwa ka bowo kodutsa petulo) yaing'ono yozula pa njinga ina. Ndalama ya petulo imene anapulumutsa pa miyezi iwiri sinafike ndi theka lomwe la mtengo wa zipangizo zimene anagula tsiku limenelo.

Kabureta ntchito yake ndi imodzi, kusakaniza mpweya ndi petulo pa mlingo woyenera. Petulo weniweni amapsa bwino akakumana ndi mpweya womuposa kulemera ka 14.7, ndiye kuti makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Koma injini ya njinga zathuzi imazizira ndi mphepo, ilibe madzi, choncho ikamakoka katundu pachitunda imafuna petulo woonjezerako pang'ono, pafupifupi 13 pa 1, chifukwa petulo woonjezerayo ndi amene amaziziritsa mkati. Mukamuchotsa ameneyo, njinga imayenda ndithu, mwina n'kumamveka yopepuka, koma mkati ikuwotcha.

Zimene ndikufotokoza pano n'zokhudza kabureta wamba yokhala ndi kapisitoni kokokedwa ndi kebulo ya moto, monga PZ26 ndi PZ27 zimene zili pa njinga zambiri za 125 ndi 150 zotengera injini ya Honda CG. Njinga zatsopano zothira mafuta ndi kompyuta zilibe kabureta, zimenezo musazigwire ndi sikuludalaiva.

Yambani ndi zinthu zimene si kabureta

Njinga zambiri zimene zimabwera eni ake akudandaula kabureta, vuto limakhala kwina. Ndiye musanamasule sikuluwu ina iliyonse, onani zinthu zinayi izi.

Fyuluta ya mpweya. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, misewu ya fumbi imaitseka pa masabata ochepa. Fyuluta ikatsekeka, mpweya umachepa, petulo n'kuchuluka, njinga n'kuyamba kumwa ndi kutulutsa utsi wakuda. Ya siponji ichapeni ndi palafini kapena madzi a sopo, iume, kenako muinyowetse ndi oyilo pang'ono n'kuifinya mpaka isamadonthe. Ya pepala sachapa, ikada mumangogula ina. Ndipo musamayende opanda fyuluta ngati mmene ena amachitira, fumbi limapala silinda ngati sandipepa.

Pulagi. Ikhale yoyenera injiniyo, ndipo mpata wake ukhale pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.7. Pa injini za mtundu wa CG nthawi zambiri imakhala D8EA ya NGK kapena yofanana nayo.

Mavavu. Akathina, njinga imavuta kulira m'mawa ndipo imazima ikatentha, munthu n'kumanamizira kabureta. Ayezeni injini ili yozizira. Pa CG mpata wake ndi mamilimita 0.08 mbali zonse ziwiri, koma njinga zina zili ndi mlingo wawo, onani m'buku la njingayo.

Chomaliza ndi khosi la labala lolumikiza kabureta ndi injini. Likang'aluka, injini imakoka mpweya wakuba umene sunadutse mu kabureta. Lizani njinga, muisiye ikulira yokha, kenako poperani mankhwala otsukira kabureta pang'ono pozungulira khosilo. Kulira kukasintha, pali mng'alu kapena gasiketi yatha. Chitirani zimenezi panja, kutali ndi mbaula kapena munthu wosuta. Njinga yokoka mpweya wakuba simungaichune, mudzangotha tsiku mukuzunguza masikuluwu.

Itsukeni

Tsekani mpopi wa petulo, masulani kabureta, chotsani kambale ka pansi. Zimene mupeze m'kambalemo zikuuzani mbiri ya njingayo: dzimbiri la m'thanki, mchenga, kapena timadontho ta madzi tikuyendayenda pansi pa petulo. Nthawi imene mafuta akusowa ndipo anthu akugula a m'zigubu ndi m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, timapeza zinyalala zambiri kuposa nthawi ina iliyonse.

Mkatimo muona majeti awiri a mkuwa. Yaikulu ili pakati, yaing'ono yowonda ili pambali pake. Masulani onse ndi sikuludalaiva yokwana bwino pamutu pake, chifukwa mkuwa suchedwa kuphwanyika. Yang'anitsani jeti iliyonse kudzuwa. Bowo lizioneka lozungulira bwinobwino. Jeti yaing'ono ndi imene imatsekeka kawirikawiri, bowo lake silifika ndi theka la milimita lomwe. Poperani mankhwala, uzirani ndi mpweya. Ngati chinyalala chakanirira, sololani kawaya kamodzi ka kopa m'chingwe cha magetsi, kofewa kaja, mukadutsitse mosakakamiza. Singano yosokera, waya wa buleki kapena msomali ayi. Chitsulo chimakulitsa bowo, ndipo jeti yolembedwa 38 imasanduka ina yosadziwika nambala.

Kenako foloti, kanthu koyandama kamene kamatseka petulo kambale kakadzaza. Ikhutchumuleni pafupi ndi khutu. Mukamva petulo mkati, yabooka, isintheni. Onaninso nsonga ya kasingano kake ngati yadyeka mzere. Kuti mudziwe msinkhu wa petulo m'kambale, bwezeretsani kabureta pa njinga, lumikizani kapaipi koonekera mkati pa bowo lokhetsera petulo, kapindireni m'mwamba pambali pa kabureta, n'kumasula sikuluwu yokhetsera. Njinga itaima chilili, petulo m'kapaipimo aime pafupi ndi mzere umene kambale kakumana ndi thupi la kabureta, pansi pake pang'ono. Akapitirira mzerewo, njinga izimwa kwambiri ndipo nthawi zina izidontha ikaima. Akatsika kwambiri, izitsamwa mukathamanga. Mumakonza popinda kalilime kachitsulo ka pa foloti, pang'ono kwambiri.

Lembani zimene mwapeza

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Musanasinthe kanthu, tengani pepala kapena foni mulembe nambala ya jeti yaikulu, nambala ya jeti yaing'ono, mzere umene kilipi ya singano ili, ndi kuchuluka kwa maulendo amene sikuluwu ya kasakanizidwe (yaing'ono ya kunja kwa kabureta) yamasulidwa. Kuti mudziwe chomalizachi, imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka ingokhudza pansi, osaikanikiza, kenako muibwezere pomwe inali. Zikakusokonekerani m'tsogolo, muli ndi pobwerera.

Mutatero, matani katepi pa chogwirira cha moto ndi pa chitsulo cha pambali pake, mulembe zizindikiro zisanu: moto wotseka, kota, theka, makota atatu, ndi moto wonse. Izi zimaoneka ngati zachibwana koma ndi zimene zimakuuzani chogwira. Kabureta siyang'ana liwiro la njinga, imayang'ana mmene mwatsegulira moto. Kuyambira potseka mpaka pa kota, ikulamulira ndi jeti yaing'ono pamodzi ndi sikuluwu yake. Kuyambira pa kota mpaka pa makota atatu ndi singano. Kuchoka apo mpaka kumapeto ndi jeti yaikulu. Munthu akandiuza kuti njinga imatsamwa pa 60, sanandiuze kanthu. Akati imatsamwa moto uli pa theka, ndimadziwa kuti tikupita ku singano.

Sikuluwu ziwiri za kunja

Yendani ndi njinga mphindi 10 kuti itenthe bwino, ndipo onetsetsani kuti choko, chimene mumakoka poliza injini yozizira, chabwezedwa. Kuchuna injini yozizira n'kutaya nthawi.

Pali sikuluwu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Yaikulu yokhala ndi sipuling'i yoonekera, yoloza pa kapisitoni, imangokweza kapena kutsitsa kulira kwa injini njinga itaima. Yaing'ono, yobisika pang'ono, ndi ya kasakanizidwe. Imeneyi muione bwino pamene ili. Ngati ili mbali ya injini, kutsogolo kwa kapisitoni, ndi ya petulo: mukamasula mukuonjezera petulo, mukamanga mukuchepetsa. Umu ndi mmene zilili pa njinga zambiri za kabaza. Ngati ili mbali ya fyuluta, ndi ya mpweya, ndipo zonse zimatembenuka: mukamasula mukuonjezera mpweya, petulo n'kuchepa. Yotereyi mumaipeza pa njinga za two-stroke, zowotcha oyilo pamodzi ndi petulo, monga Yamaha DT zija ankayendera alangizi a zaulimi.

Mangani sikuluwu ya kasakanizidwe mpaka ikhudze pansi mofatsa. Ndikubwereza mawu oti mofatsa chifukwa nsonga yake ndi yowonda ngati minga, ndipo ikathyokera m'bowo kabureta yatha. Imasuleni maulendo awiri. Lizani njinga, kwezani kulira kwake pang'ono ndi sikuluwu yaikulu ija kuti isazime. Tsopano zunguzani yaing'onoyo kota imodzi, mudikire masekondi 10, mumvetsere. Injini siyankha nthawi yomweyo. Pitirizani mbali imodzi mpaka kulira kuyambe kutsika kapena kudukiza, kumbukirani malowo. Bwererani mbali inayo mpaka kuyambenso kutsika. Malo abwino ali pakati pa awiriwo, pamene injini ikulira mokweza ndi mosadukiza. Ine ndikapeza malowo ndimaonjezera petulo kachidutswa kakang'ono, theka la kota, kuti m'mawa wa mu Juni isavute. Pomaliza tsitsani kulira ndi sikuluwu yaikulu mpaka pafupifupi 1,400 pa mphindi. Ngati njinga ilibe geji, ndi pamene ikulira modekha koma osagwedezeka ngati ikufuna kuzima.

Yesani pokoka moto msanga n'kuusiya. Kulira kukachedwa kutsika, kukhala ngati kwakakamira m'mwamba, petulo wachepa. Kukatsika mpaka kufuna kuzima kenako n'kukweranso, wachuluka. Kuphulika kwa pha-pha-pha mu ekizozi mukatseka moto potsetsereka kumasonyezanso kuchepa kwa petulo, pokhapokha ngati ekizozi ikutulutsa mpweya pa gasiketi ya pa hedi.

Sikuluwu ya petulo ikafuna kumasulidwa kupitirira maulendo atatu kuti injini ilire bwino, jeti yaing'ono yachepa kapena ikadali yotsekeka. Ikafuna kumangidwa mpaka kutsala ulendo umodzi wosakwana, jetiyo yakula. Manambala ake amayenda 35, 38, 40. Sinthani sitepe imodzi basi.

Singano

Apa ndi pamene wakabaza amakhala tsiku lonse, pakati pa kota ndi makota atatu, ndiye mafuta ambiri amapulumukira kapena kutayikira pomwepa.

Masulani chivindikiro cha pamwamba pa kabureta, sololani kapisitoni, finyani sipuling'i, chotsani kebulo. Singano ituluka ndi kakilipi kooneka ngati chilembo cha E. Yalani nsalu pansi musanakachotse, chifukwa kakadumphira m'fumbi simukapezanso. Singano zambiri zili ndi mizere isanu, ndipo zimachokera kufakitale kilipi ili pa mzere wapakati kapena pafupi napo.

Pali kamsampha apa. Mukasamutsira kilipi pa mzere wa m'munsi, singano imakwera m'mwamba, bowo limatseguka kwambiri, petulo amachuluka. Mukaika kilipi pa mzere wa m'mwamba, singano imamira, petulo amachepa. Kilipi pansi, petulo wambiri. Kilipi pamwamba, petulo wochepa. Ngakhale amakaniko okhwima amaima kaye n'kuganiza.

Pezani msewu wowongoka wopanda anthu ambiri. Yendani pa giya yachitatu kapena yachinayi moto uli pa theka, osasuntha dzanja. Njinga ikamachita ngati ikukankhidwa n'kubwezedwa, kapena mukaonjezera moto n'kuyamba yati "bwoo" ngati yabanika isanathamange, petulo wachepa. Ikamalira molemera, mwa bulubulu, ngati munthu wolankhula madzi ali m'kamwa, ndipo ekizozi ikununkha petulo wosapsa, wachuluka. Ngati khutu likukukanani, pali njira yachidule. Kokani choko pang'ono muli pa liwiro lomwelo. Njinga ikayamba kukoka bwino, inali ndi njala ya petulo. Ikaipiraipira, petulo analipo wokwanira kapena wochuluka kale.

Sunthani kilipi mzere umodzi, bwezerani zonse, kayeseninso pa msewu womwewo. Pobwezera kapisitoni onetsetsani kuti mpata wake wautali walunjika pa kachitsulo ka m'kati, ndipo mbali yosemedwa yayang'ana ku fyuluta. Musanalize, kokani moto n'kuusiya, mumve kapisitoni kakugwa pansi kuti tha. Kakapanda kugwa, musalize njingayo. Ndinaonapo njinga ikulowa m'khola la mbuzi yokha chifukwa cha zimenezi.

Jeti yaikulu ndi kuwerenga pulagi

Pa kabureta za Keihin ndi zotengera zake, nambala ya jeti yaikulu ndi kukula kwa bowo: 100 ndi bowo la milimita imodzi, ndipo masitepe ake amayenda 95, 98, 100, 102, 105. Za Mikuni zina zimawerengedwa mwa njira ina, choncho 100 ya kampani imodzi si 100 ya inzake. Komanso majeti otchipa a pamsika nthawi zina nambala yolembedwa sigwirizana ndi bowo. Mukagula, ayerekezeni kudzuwa ndi imene mwachotsa.

Kuti mudziwe ngati jeti yaikulu ili bwino, ikani pulagi yabwino, tenthetsani injini, pezani chitunda chachitali chosakwera kwambiri. Kwerani pa giya yachinayi moto wonse kwa masekondi 20 kapena 30. Muli pomwepo, gwirani kilatchi ndi kuzimitsa injini nthawi imodzi, muime pambali. Musailole kuti ilire yokha ngakhale pang'ono, apo ayi pulagi ikuuzani za jeti yaing'ono m'malo mwa yaikulu. Dikirani izizireko, masulani pulagi ndi nsalu m'manja.

Yang'anani choyera chozungulira nsonga ya pulagi, mpaka mkati momwe. Mtundu wa tiyi wothira mkaka ndi umene tikufuna. Mwaye wakuda wouma, wochoka mukaupukuta ndi chala, ndi petulo wochuluka, tsitsani jeti sitepe imodzi. Kuyera kwa mbee, makamaka pakakhala timatuza kapena timadontho tonyezimira ngati siliva, ndi ngozi: timadonthoto ndi pisitoni imene yayamba kusungunuka. Kwezani jeti masitepe awiri musanayendenso. Kuda konyowa, kwa mafutamafuta, si nkhani ya kabureta ayi, ndi oyilo amene akudutsa pa maring'i kapena pa mavavu.

Petulo wa masiku ano wopanda mtovu sadetsa pulagi msanga, ndiye pulagi yatsopano ikhoza kuoneka yoyera ngakhale zonse zili bwino. Ipatseni makilomita angapo isanakuuzeni zoona. Palinso chizindikiro china chimene ndimachidalira. Muli pa moto wonse, bwezani dzanja pang'ono. Njinga ikakhala ngati yapeza mphamvu mutabweza, jeti yaikulu yachepa. Mukakayika pakati pa manambala awiri, tengani yaikuluyo. Jeti yokulirapo sitepe imodzi imakudyerani petulo pang'ono, yocheperapo imakudyerani injini.

Amene mwasintha ekizozi n'kuika yaphokoso, kapena mwachotsa bokosi la fyuluta, dziwani kuti mpweya ukudutsa wambiri tsopano ndipo jeti ya kufakitale yachepa. Mufunika kukweza, osati kutsitsa.

Kumene mumayenda

Mpweya umapepuka munthu akamakwera, pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse pa mamita 1,000. Kwa ife zimenezi si nkhani ya m'buku. Nsanje ndi Chikwawa zili m'chigwa, pafupi ndi msinkhu wa nyanja yamchere. M'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi mamita osakwana 500. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita opitirira 1,000 pang'ono, Mzuzu kuposa apo, ndipo Dedza ili cha m'ma 1,600. Njinga yochunidwa bwino ku Nchalo ikafika ku Dedza imalemera, pulagi n'kuda, chifukwa mpweya wachepa koma petulo ndi yemweyo. Zimenezo n'zokwiyitsa chabe. Zoopsa ndi zobwerera: njinga yofinyidwa kuti iziyenda bwino ku Dedza, mwini wake n'kutsika nayo ku Golomoti mpaka ku Mangochi atanyamula matumba. Kumeneko mpweya ndi wambiri, petulo sakukwana, kunja kukutentha. Ngati mumayenda malo onse awiri, chunirani njinga malo otsikawo, ndipo mupirire kulemera pang'ono mukakwera. Mukasamukiratu, sitepe imodzi ya jeti yaikulu nthawi zambiri imakwana.

Nyengo imachitanso chimodzimodzi koma mochepa. Mpweya wozizira wa mu Juni ndi Julayi ndi wolemera, umafuna petulo woonjezera, ndipo wa mu Okutobala ndi wopepuka. Apa kota imodzi ya sikuluwu imakwanira, majeti asiyeni.

Kumbukiraninso kuti petulo wa pa filing'i siteshoni kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amafuna mpweya wochepa kuti apse poyerekeza ndi petulo, ndiye kasakanizidwe kamakhala kale kakupendekera ku mbali yochepa mafuta musanagwire n'komwe. Ichi ndi chifukwa china chimene ndimakanira anyamata akamati ndiwafinyire. Ethanol amakokanso chinyezi, choncho nthawi ya mvula masulani sikuluwu yokhetsera kamodzi pa mwezi kuti madzi a pansi pa kambale atuluke, ndipo njinga ikakhala yoima masabata angapo, tsekani mpopi n'kukhetsa kambale konse.

Mukamaliza, yesani kamwedwe ndi manambala, osati ndi maso. Dzazani thanki mpaka pamzere umene mungaukumbukire, lembani makilomita a pa geji, gwirani ntchito masiku awiri monga mwa nthawi zonse, kenako dzazaninso mpaka pamzere womwewo. Gawani makilomita ndi malita amene alowa. Ngati pulagi ili ya mtundu wa tiyi koma njinga ikumwabe kuposa zinzake za mtundu womwewo, kabureta isiyeni. Imikani njinga pa sitandi yapakati, zunguzani tayala lakumbuyo ndi dzanja mumve ngati buleki ikugwira, onani tcheni ngati chauma kapena chathina, ndipo pimani mpweya wa m'matayala onse awiri.